Ndivale bwanji, ndikachite chiyani pokaona nyumba yogula?

Mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe wandilembera motere:

"Zikomo bambo. Ine ndine mphunzitsi, amuna anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Takhala tikusunga ndalama kwa zaka zambiri ndipo tsopano tikufuna kugula nyumba yathuyathu, za lendi zatikwana. Ejenti wina wandipezera nyumba zitatu zoti ndikaone Loweruka likudzali. Ziwiri mukukhala anthu, imodzi mulibe munthu. Alamu anga akuti ndikavale zapamwamba, ndibwerekenso galimoto kuti eni nyumba asakandiderere. Mnzanga wa kuntchito akuti ayi, ndikavale zakutha kuti asakandikwezere mtengo. Chinanso ndili ndi manyazi. Ndingalowe bwanji kuchipinda kwa eni ake, kapena kutsegula chimbudzi chawo? Sindinagulepo nyumba chibadwire. Ndithandizeni."

Mayi, mtima pansi. Munthu amene akunyamula thukuta la zaka zambiri, lake ndi la mnzake wa pabanja, kukaliika pa chinthu chimodzi, sangalephere kuda nkhawa. Ndaperekeza anthu ambiri kukaona nyumba mu Lilongwe muno ndi ku Blantyre, aphunzitsi anzanu, anamwino, amalonda a mumsika, ndipo sindinaonepo munthu atamanidwa nyumba chifukwa cha diresi limene anavala. Amene ndawaona akulira pambuyo pake ndi aja anachita manyazi kufunsa, kutsegula zitseko ndi kubwereranso kachiwiri.

Alamu anu ndi mnzanu uja, aliyense wanena zoona pang'ono. Nyumba zambiri kuno zimagulitsidwa popanda katswiri woyesa mtengo. Mwini amatchula ndalama imene ili m'mutu mwake, ejenti nayenso amasanjikizapo yake, ndipo mtengo umatsatira maonekedwe a wogula. Mukatsika m'galimoto yonyezimira, ndolo ndi zibangili zili waliwali, musadabwe kuti mtengo munauzidwa pafoni wakwera pofika pakhonde. Komanso mukadzisandutsa dala wosauka, adzakuonetsani nyumba mothamanga ndi kuyankha mafunso anu monyinyirika. Tsiku limene adzazindikire kuti munkawapusitsa, kukhulupirirana kudzathera pomwepo, chonsecho mudakali ndi miyezi yoyenda nawo limodzi m'maofesi kusintha mapepala.

Valani monga mumavalira tsiku wamba lopita kukaphunzitsa: zoyera bwino, zosita, zaulemu, zoti mukhoza kuwerama nazo. Wogulitsa amazindikira kuti munthu ndi wotsimikiza akafika pa nthawi imene anagwirizana, kabuku ndi cholembera zili m'manja, mafunso ake ali a munthu wodziwa chimene wadzera.

Nsapato ndiye ziganizireni bwino. Kuona nyumba ndi ntchito ya miyendo. Mudzazungulira kuseri, mudzaponda pa septic tank, mudzadutsa m'udzu kufuna malire a puloti. Zagogoda zimatitimira m'dothi, ndipo mwini wake amathera pabalaza osafika kuseri kumene kuli nkhani yonse. Patapata nayenso ayi, makamaka m'nyumba yopanda munthu ija, mmene mumakhala misomali, magalasi osweka, nthawi zina ngakhale njoka. Valani nsapato zafulati, zotseka zala, zosavuta kuvula pakhomo. Zovala zoyera mbee zisiyeni, chifukwa mudzayamba kuopa kukhudza makoma.

M'chikwama musaiwale chitenje. Buluku palibe amene angakudabweni nalo m'tauni, lamulo loletsa amayi kuvala buluku linachotsedwa kale mu 1993, koma simudziwa amene mukawapeze pakhomopo. Mwina ndi agogo oti muwapatse moni mutagwada, mwina akuperekezani kwa amfumu a deralo, mwinanso mufuna kugwada pansi kuti musuzumire kunsi kwa sinki. Chitenjecho chikhale wamba. Nsalu ya chipani isiyeni kunyumba, ngakhale mutaikonda bwanji, chifukwa simudziwa kumene mtima wa mwini nyumba uli, ndipo ndale zilibe gawo pa malonda amenewa. Chiphaso cha kuntchito chopachika m'khosi nachonso chivuleni. Ambulera mutenge ngati kumwamba kwada.

Galimoto musabwereke. Kupita pa minibasi kapena pa kabaza kumakuphunzitsani zimene wapagalimoto sangazione: mtunda wochokera pa siteji kukafika pageti, mmene msewu ulili, ngati pali mlatho wodalirika, ndi ngati mungayendepo nokha madzulo mukuweruka. Ana anu adzayenda njira yomweyo tsiku ndi tsiku.

Musapite nokha. Izi ndikunena motsindika. Mukukumana ndi munthu amene mwina mumangomudziwira pafoni, ndipo imodzi mwa nyumbazo mulibe munthu. Pitani masana, uzani wachibale kumene muli ndi dzina la ejentiyo, ndipo mutenge munthu mmodzi kapena awiri. Pa awiriwo, mmodzi akhale mmisiri womanga nyumba amene mumamukhulupirira, wobwera naye inuyo, osati wopatsidwa ndi ejenti. Chigulu ayi. Anthu asanu ndi awiri akalowa m'nyumba ya eni, wina kukhitchini wina kuchipinda, mwini amayamba kulondera katundu wake m'malo moyankha mafunso anu. Ana atsale kaye kunyumba, adzaona ulendo wachiwiri. Musanatsike minibasi gwirizanani ndi anzanuwo kuti za ndalama palibe wolankhula, ndipo wina asayambe kufuula kuti "Eee, koma ndiye ndi yokongola!" mwini ali pomwepo.

Pali chinthu china chokhudza inuyo makamaka. Musafulumire kuulula kuti bambo ali ku Joni. Anthu ambiri akangomva zimenezo amayamba kuwerengera ma rand, osaganiza kuti munthuyo akuvutika bwanji kuti awapeze. Sindikuti muname. Mukafunsidwa, kungoti "ali kuntchito, tikakambirana" n'kokwanira. Ndikudziwa kuti mudzafuna kuwaonetsa nyumbayo pa vidiyo ya WhatsApp. Pemphani kaye chilolezo musanajambule chilichonse m'nyumba mokhala anthu, ndipo mujambule makoma, denga ndi mawindo, katundu wawo ndi ana awo ayi. Kukambirana ndi bambo mukachitire kunyumba, osati foni ili pa sipika ejenti akumvetsera.

Mukafika, ndinu mlendo ngati mlendo wina aliyense. Odi pageti, dikirani akuyankheni, funsani ngati agalu amangidwa. Ejenti akhoza kukhala ndi changu chake, akufuna akuthamangitseni kuti akapeze kasitomala wina, koma inu musatengere zimenezo. Akakupatsani mpando khalani, lonjeranani mokwanira, dzitchuleni dzina, thokozani kuti akulolani kulowa. Pakhomo yambani kuvula nsapato, eni ake ndiwo anene kuti lowani nazo. Mphindi zisanu zimenezi zimabweza phindu lalikulu, pakuti munthu amene mwamulemekeza amamasuka, ndipo womasuka ndiye amakuuzani kuti chipinda chakumapetocho chimadontha mvula ikamachokera kum'mawa.

Musanafike n'komwe, mufunseni ejenti kuti okhala m'nyumbamo ndi eni ake kapena alendi, ndipo ngati ndi alendi, kodi anauzidwa kuti nyumba ikugulitsidwa? Zimachitika ndithu kuti banja limadziwira kwa wogula, atafika kale pakhonde, kuti posachedwa lisamuka. Zimandipweteka mtima ndikaziona. Inu mwakhala pa lendi, mukudziwa mmene zimamvekera. Mukapeza zotero pepesani, musakakamire kulowa, panganani tsiku lina. Alendi mukawatenga bwino ndiwo mboni zanu zenizeni, chifukwa alibe chobisa. Amadziwa masiku amene madzi amatuluka, mwezi umene septic tank imasefukira, ndi kangati akuba analumpha mpanda.

Tsopano za kuchipinda. Manyazi anuwo ndi a munthu woleredwa bwino. Kwathu kuno ngakhale mwana wamkulu salowa wamba kuchipinda kwa makolo ake, ndiye mlendo angalowe bwanji? Komatu chipindacho chili m'gulu la zimene mukulipira, ndipo wogulitsa aliyense wanzeru amadziwa kuti chidzaonedwa. Njira yake ndi kupempha: "Pepani mayi, kodi ndingaoneko kuchipinda?" Mwini atsogole, inu pambuyo. Ngati mwabwera ndi mmisiri wamwamuna, mupempherenso iyeyo padera. Mukalowa maso anu akhale kudenga, m'makona, pamawindo ndi pansi. Pabedi musakhalepo. Makabati omangidwira kukhoma ndi mbali ya nyumba, mukhoza kupempha kuti akutsegulireni, ndipo n'kofunika kutero chifukwa chinyontho ndi chiswe zimakonda kubisala mmenemo. Wadirobu yawo, sutikesi, firiji, zimenezo si zanu.

Chipinda china chikakhala chokhoma, n'kukuuzani kuti kiyi wapita naye mwana, musakangane nawo. Nenani mwaulemu kuti mudzabweranso kiyiyo akadzapezeka, ndipo mudzabweredi. Nyumba imene simunaione chipinda chilichonse musailipire.

Chimbudzi chimodzimodzi. "Ndingayeseko madzi?" Gejemulani, muone ngati madzi akupita bwino ndi ngati thanki ikudzadzanso. Tsegulani mipopi ya kubafa ndi kukhitchini, yatsani magetsi chipinda chilichonse. Mukaona migolo, ndowa ndi zigubu zodzadza madzi zili ndandanda kubafa, mwadziwa kale kuti mpopi wa pamenepo ndi wosadalirika, ngakhale wina asakuuzeni. Pemphani kuona mita ya ESCOM ndi ya Lilongwe Water Board, mufunse kuti zili m'dzina la yani ndi ngati pali ngongole yotsalira. Ngati chimbudzi ndi chokumba, onani kuti chatsala pati kudzadza, ndiponso ngati pabwalo pali malo okumba china.

Penti asakunyengeni. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khoma limodzi lokha likakhala ndi penti watsopano pamene ena onse ndi akale, funsani chifukwa chake. Yang'anani madontho a bulauni pa siling'i. Gogodani pulasitala ndi chala, pamene pakumveka ngati mphako ndiye kuti wayamba kulekana ndi njerwa. Timing'alu ting'onoting'ono ta pulasitala tisakuopseni, nyumba zambiri zili nato. Woopsa ndi mng'alu waukulu woyenda chopingasa kuchokera pakona ya windo kapena ya chitseko, woonekera m'kati ndi kunja komwe, chifukwa umenewo kawirikawiri umanena za maziko. Kunsi kwa makoma kukakhala kotuwa, penti akusendeka, chinyontho chikukwera kuchokera pansi. Mafelemu a matabwa muwabaye pang'ono ndi kiyi, mutapempha, kuti muone ngati chiswe sichinadye m'kati. Funsani mosabisa ngati njerwa zake ndi zootcha, zidina kapena mabuloko, ndi ngati anamangira simenti kapena dothi, pakuti pulasitala amabisa zonsezi. Kenako tulukani, muime chapatali, muyang'ane msana wa denga ngati uli wowongoka. Kukwera m'siling'i musiyireni mmisiri wanu.

Madzi a mvula ndiwo ndimawaopa kuposa zonse, chifukwa khoma limakonzeka koma puloti singasunthidwe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi miyoyo ya anthu ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre. Kuno ku Lilongwe, mu 2017, mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Nyumba yooneka bwino mu Ogasiti ikhoza kukhala padambo mu Febuluwale. Onani kumene malo apendekera, kumene ngalande zikulowera, ndi ngati pampanda pali mzere wa matope wosonyeza pamene madzi anafika. Ngati mungathe kudikira, kaioneninso nyumbayo tsiku limene mvula yagwa yambiri.

Pa zonsezi, pakamwa panu pakhale posamala. Musanyoze nyumba ya munthu pamaso pake. Ena amaganiza kuti akamati "khitchini yake ngati khola" ndiye kuti mtengo utsika, koma chimene chimachitika n'choti mwini amauma mtima. Anaimanga ndi ndalama zake, analereramo ana ake. Zolakwika zonse lembani m'kabuku mwakachetechete, zidzagwira ntchito tsiku lonenerera mtengo, mmisiri atawerengera ndalama zokonzera. Kuyamikira kopitirira nakonso kumakudyerani ndalama. Ana anu musayambe kuwagawira zipinda mokweza. "Zikomo, taona, tikaganizire" ndi mawu okwanira potsanzika, ngakhale mtima ukudumphadumpha.

Funso loti "mukugulitsiranji?" liyenera kufunsidwa, koma mofatsa, mutakhala pansi, osati mutaimirira pakhomo ngati wapolisi. Anthu sagulitsa nyumba chifukwa cha chisangalalo nthawi zonse. Pena ndi maliro, pena banja latha, pena ngongole ya kubanki kapena ya katapila yafika m'khosi. Mverani ndi chifundo, koma yankholo mulisunge, chifukwa lili ndi ntchito pa malamulo. Ngati mwini anamwalira, nyumbayo ndi chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 loona za chuma chotere limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Wogulitsa ayenera kukhala ndi chikalata cha kukhoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Mwana mmodzi kapena malume sangangodzuka n'kugulitsa. Ngati nyumba inaikidwa chikole kubanki, banki ili ndi mawu pa malondawo. Ngati ndi ya banja, yesetsani kuonana ndi onse awiri, bambo ndi mayi. Ndaonapo wogula atalipira zonse, pa tsiku losamuka n'kupeza mayi wa pakhomopo atakhala pakhonde, akunena kuti sakudziwa chilichonse.

Mukatuluka pageti musathamangire siteji. Apatseni moni anansi, gulaniko tomato kwa mayi wa pabenchi, chezani naye. Safunsa anadya phula. Funsani kuti nyumbayi ndi ya yani, ndipo mumve ngati dzina limene akutchula likufanana ndi limene mwauzidwa. Funsani za mikangano ya malire, za umbava, za madzi. Pemphani wogulitsa akuonetseni mabikoni, zizindikiro zija zozikidwa pansi zosonyeza malire a puloti, chifukwa mpanda sukhala pamalire enieni nthawi zonse. Nyumba imene yakukomerani mudzaidutsenso Lachisanu madzulo ndi Lamulungu m'mawa. Bala kapena tchalitchi cha zimkuzamawu sizimveka Loweruka masana.

Ulemu wonse ndanenawu uli ndi malire ake, ndipo malirewo ali pa ndalama. Loweruka musanyamule ndalama zoposa zoyendera. Maejenti ambiri amalipiritsa kandalama koonetsera nyumba. Kameneko mugwirizane musananyamuke, mudziwe kuti ndi zingati ndipo ndi za nyumba zingati. Kupatula apo, musapereke kalikonse, ngakhale atakutchulani "mayi athu" kakhumi. Mawu oti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa, ikaniko kangachepe tikusungireni" mudzawamva ndithu. Nthawi zina ndi oona. Ngakhale atakhala oona, kuphonya nyumba n'kopepuka poyerekeza ndi kutaya ndalama za zaka zonsezi. Anthu aulemu ngati inu ndi amene madobadoba amawakonda, chifukwa amaopa kuoneka ngati akukayikira munthu wamkulu. Kupempha mapepala si mwano. Mwini weniweni sakwiya nazo, ndipo amene wakwiya wakuthandizani kudziwa kuti muchoke.

Pemphani fotokope ya title deed (chikalata cha umwini wa malo) kapena ya lizi (chikalata chobwerekera malo kwa zaka zoikika), ndi chiphaso cha unzika cha wogulitsa, muone ngati maina akugwirizana. Nyumba zambiri za m'tauni zili pa malo a lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo mwini nthaka amakhala Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, kapena Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964. Kusintha umwini kumafuna chilolezo cha mwini nthakayo, ndipo ngongole za ground rent (lendi ya nthakayo) ndi msonkho wa khonsolo zimatulukira pamenepo. M'madera ena mudzangoonetsedwa kalata ya amfumu. Anthu ambiri akukhala m'nyumba zogulidwa motero, koma dziwani kuti kalata imeneyo si title deed, banki siilandira ngati chikole, ndipo mtengo wake suyenera kufanana ndi wa nyumba ya mapepala okwanira.

Apa ndi pamene muyenera kuitana okuthandizani. Nyumba ikakukomerani, pezani loya wanuwanu, osati amene wogulitsa kapena ejenti wakulozerani. Iye akachite search ku ofesi ya za malo, kuti zidziwike ngati wogulitsayo ndi mwinidi ndiponso ngati pamalopo palibe chikole kapena chiletso, kenako alembe mgwirizano wa malonda. Pezaninso katswiri wovomerezeka woyesa mtengo wa nyumba. Mukadzera ngongole ya kubanki, iwo adzafuna lipoti lake ndithu, koma ngakhale mukulipira zanu, lipotilo limakupatsani poyambira ponenerera. Mmisiri wanu akakayikira mng'alu kapena maziko, itanani injiniya asanakuuzeni wina kuti "timangomata". Malire akakhala osaoneka, pamafunika saveya. Ndalama zolipira anthu amenewa, pamodzi ndi stamp duty (msonkho wa boma wolipira posintha umwini), muzipatuliretu pa zimene mwasunga, kuti musadzathere zonse pa mtengo wa nyumba. Polipira, dzerani kubanki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa mapepala kapena mmene loya wanu walangizira, ndipo ngati nyumba idzalembedwe m'maina a nonse awiri, mufunseni loyayo mmene bambo angasainire ali ku Johannesburg. Wina akayamba kukuopsezani kapena mukaona mapepala okayikitsa, pitani kupolisi musanapereke kalikonse.

Nyumba zitatu tsiku limodzi zimasokonekera m'mutu, choncho mukatuluka m'nyumba iliyonse imani kaye pamthunzi mulembe zimene mwaona musanapite ku inzake. Yopanda munthu ija muyambire, kudakali m'mawa, mmisiri asanatope. Mukabwerako mundilemberenso, mundiuze mapepala amene akuonetsani pa nyumba iliyonse, tidzaone kuti ndi iti yoyenera kupita nayo kwa loya.